Tsiku Lomwe Ndinathandiza a Batista

Ndikakumbukira a Batista, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la utsi wa zitsononkho ndi la asidi wa batire la galimoto lomwe linkakhala pansi pa bedi lawo. Tinkakhala nawo moyandikana ku Zobwe, tonse titangobwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Anzathu anabwera ndi mapoto ndi mabulangete, koma nkhalamba imeneyi inabwera ndi gitala ya magetsi yofiira, yosupuka penti, yomwe inkalira m'kasipika kong'ambika mpaka agalu a kutsidya kuyankhira.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikugulitsa mbatatesi pamsewu, ndipo ndinkadziona ngati wochenjera kuposa Zobwe yense.

Lachinayi lina ndinawapeza pakhonde, gitala ili pamwendo. Loweruka ankakaimba paukwati wa mwana wa mlongo wawo ku Moatize. Ankamasula nsambo, mawaya aja oimbira, akupotokola kachitsulo ka kumutu kwa gitala pang'onopang'ono ndi zala zawo zotupa. Pambali pawo panali kapaketi kokongola ka nsambo, ndipo pamoto madzi ankawira m'chitini.

"Agogo, mumaliza chaka chino?" ndinatero.

"Iwe Zeka, ukakwatira udzandifunse za kufulumira," anayankha, n'kudzuka kukathamangitsa mbuzi kudimba.

Apa ndiye nzeru zinandibwerera. Nsambo zatsopano zili m'paketi, nanga kuvutikiranji ndi zakale? Ndinathamangira kwathu kukatenga alikate, chodulira waya cha bambo anga, ndipo kasanu ndi kamodzi, twii, twii, ntchito yonse inatha mbuzi isanatuluke n'komwe m'dimba. Ndinatsegula paketi ija kuti ndiwayalire zatsopanozo. Munalibe kanthu.

Sindinkadziwa kuti a Batista sankasintha nsambo. Ankazichotsa, kuziwiritsa m'chitini kuti litsiro lituluke, kuziyanika, kenako n'kuzibwezera zomwezo. Madzi omwe ndinkayesa a tiyi aja anali a ntchito imeneyo.

Atabwera ndinali nditabisa alikate m'kabudula.

"Zaduka zokha, agogo."

Ananyamula gitala ija n'kuyendetsa chala pomwe panadukapo.

"Zonse pamalo amodzi? Koma nsambo zimenezi n'zogwirizana." Anandiyang'ana kabudula wolemera mbali imodzi uja. "Ndibwereke chikukupweteka ntchafucho."

Anagubuduza njinga yawo, n'kudula mawaya onse awiri a mabuleki. Masana onse tinakhala tikupombosola timawaya ting'onoting'ono ta mkati mwake, ine ndikugwira, iwo akupala ndi mpeni. Kumapeto kwa kalikonse ankamangirira kamkanda kachitsulo kochokera ku nsambo zakale zija kuti kagwire. Zinatheka zinayi zokha. Sanandikalipire, ndipo kwathu sanakanene. Akanandimenya bwenzi zitatha tsiku lomwelo.

Ku ukwati anaimba ndithu. Omwe anapitako ankati gitala inkalira ngati ili ndi chimfine, koma anthu anavina mpaka fumbi la malasha kukwera m'maondo.

Chomwe chinatsala ndi njinga. Zobwe ndi wa zitunda, ndipo miyezi yambiri a Batista ankatsika chitunda cha kumsika akukwekwesa chidendene pa tayala, patapata akufuka. Tsiku lina anakalowa m'mulu wa kabichi wa amayi ena, msika wonse n'kufa ndi phwete.

"Madala, mabuleki munadyera ndiwo?" anakuwa wina.

"Anapita ku ukwati," anayankha akudzisansa.

Inenso ndinaseka nawo, mokweza kuposa onse, kuti wina asandiganizire. Anandiona.

Lero ndili ndi benchi yanga ya zipangizo za njinga mumsika wa Moatize, ndipo aliyense akudziwa kuti kwa Zeka sutsitsa mtengo usanatuluke thukuta. Koma akabwera munthu wachikulire kufuna waya wa mabuleki, ndimangomuikira ndekha ulere, n'kunena kuti unali wotsala. Anzanga amati ndikukalamba. Ndimawalola, chifukwa kufotokoza kwake n'kovuta kuposa kusekedwa.