Amira, Viika Mpunga

Bambo anga, a Nasiri Chabwera, akalamba akusoka mayunifomu a sukulu pakhonde ku Mbare, koma kumzikiti kwathu palibe amene amawatchula kuti telala. Onse amawadziwa ngati munthu woona mwezi. Ramadani ikamatha, dzuwa litangolowa, ankakwera masitepe a mafulati oyandikana nafe mpaka pamwamba n'kuyang'ana kumadzulo, kupyola utsi wa m'mafakitale. Kamwezi katsopano kamakhala kowonda ngati chikhadabo chowenga, moti ena ankaloza ndege. Bambo akatsika ankangouza amayi kuti, "Amira, viika mpunga," basi tonse n'kudziwa kuti mawa ndi Idi.

Masiku ano uthengawo umafika pa foni munthu asanakweze n'komwe mutu. Amayi sizinawakhudze. "Mwezi wa pa WhatsApp ine sindiuviikira mpunga," ankatero.

Kenako kunabwera ng'ala. Anawachita opaleshoni, maso n'kuyera, koma patapita zaka zingapo nkhungu ija inabwereranso. Chaka chatha ndinakwera nawo nditawagwira mkono. Anaima nthawi yaitali, akupukuta magalasi ndi malaya, anyamata pambali pathu akukuwa kuti uwo, uwo. Anatsika osanena kanthu. Amayi anaviika mpunga atamva kwa aneba, ndipo Idi imeneyo tinadya ngati tili pamaliro. Bambo analumbira kuti masitepe amenewo sadzawapondanso. Zinandipweteka kwambiri.

Ndinawakokera kuchipatala cha maso m'tauni. Dokotala, mtsikana wa msinkhu wanga, anafotokoza kuti kachikopa ka kumbuyo kwa galasi limene anawaika m'diso ndi kamene kachita mbuu, ndipo akhoza kukaboola ndi kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza, popanda mpeni.

"Moto m'diso langa? Ine si nsalu yoti muziboola mabatani," anatero bambo, n'kutenga chipewa chawo.

Bambo akakana chinthu amaposa mbuzi ya pachingwe. Ndinachonderera, mchimwene wanga anaimba foni kuchokera ku Joni, ngakhale ashehe anayesa. Zonse zinapita m'madzi. Amene anawatha ndi amayi, tsiku lina akupeta mpunga, osawayang'ana n'komwe.

"Palibe vuto, bambo ake a Latifa. Chaka chino ndipempha a Joaquim apawa akandionere. Si Msilamu, koma maso awo ndi akuthwa."

Latifa ndi ine, ndipo a Joaquim ndi aneba athu, mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo amapesa ndevu tsiku lililonse. M'mawa mwake ndinapeza bambo atavala kale jekete, akundifunsa ngati maminibasi a m'tauni ayamba kuyenda.

Kuchipatala, dokotala uja anawathira mankhwala m'maso, n'kuwauza kuti atsamiritse chibwano pa kachitsulo. Makinawo ankangolira kuti tiki, tiki. Bambo anagwira mpando zolimba, akunong'ona mapemphero.

"Mwana wanga, ukamayamba undiuze," anatero.

"Tapedza, sekuru," dokotala anayankha m'Chishona akuseka. Anali atamaliza kale. Diso linalo analichita sabata yotsatira. Mtsikana ameneyo ndimamuthokoza mpaka lero, ndipo ndimadzida kuti sindinamufunse dzina.

Chaka chino, tsiku loyang'ana mwezi litafika, bambo anakana mkono wanga n'kukwera okha. Ine ndinatsala pansi ndi amayi, amene anakhala pakhonde ndi beseni la mpunga wouma pamiyendo. Kumadzulo kunali timitambo. Mafoni anayamba kulira nyumba ndi nyumba. Amayi anatembenuza yawo chafufumimba. Aneba ankadutsa akutifunira Idi yabwino, iwo maso ali pamwamba pa mafulati.

Bambo sanadikire kuti atsike. Mawu awo anachokera pamwamba pa mafulati, ndipo ndikukhulupirira kuti anamveka mpaka kumsika waukulu wa Musika.

"Amira! Viika mpunga!"

Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, n'kutulutsa jagi ya madzi imene anali ataibisa kale kuseri kwa mpando.