Amayi Keziah, Oimbira Kuseri kwa Nyumba

Amayi Keziah Mwaanga anabadwira ku Nkomeshya, ndipo kuyambira ali mtsikana sankadziwa kukhala pansi. Dzuwa lisanatenthe amakhala atafika kumunda, kuchitsime ndi kutchalitchi komwe. Atakwatiwa ndi bambo Robson, mpingo wathu unawapatsa ntchito imene ambirife timaizemba, yosambitsa maliro ndi kuyambitsa nyimbo. Anaigwira zaka makumi atatu.

Matenda anabwera ngati nthabwala. "Muli ng'oma mu khutu mwanga, siileka," ankatero, ife n'kumaseka. Kenako khutulo linagontha, diso lakumanja linaleka kutsinzina, pakamwa panakhotera kumanzere. Madokotala ku Lusaka anapeza chotupa chosaonekaoneka mkatikati mwa khutu, chikupanikiza mtsempha woyendetsa nkhope. Anachichotsa, koma mtsemphawo sunadzukenso.

Apa ndi pamene tinalakwa, ndipo ndikulemba ndi manyazi. Pa maliro a mwana wa amayi Nelesi, amayi Keziah atatsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo, tsaya labwino lija linakokera milomo m'mwamba. Wina ananong'ona kuti, "Onani, baseka pa malilo!" Pofika kumanda anthu anali atawatcha kale mfiti. Mabanja anayamba kuwaletsa kukhudza mitembo.

Bambo Robson anawadandaulira: "Amake Belinda, nkhalani chabe pa nyumba."

"Nikankhala, ni ndani azatapa manzi?" anayankha motero, akumanga chitenje kuti akatunge madziwo.

Sanajombe maliro ngakhale amodzi. Ankatunga madzi osambitsira, n'kuwasiya pakhomo, kenako n'kukaimbira kuseri kwa nyumba atayang'ana kukhoma kuti asakwiyitse ofedwa. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri tinkalandira nyimbo zawo tili mkati, osatuluka kukawaitana. Ine ndinali mmodzi wa olandirawo.

Anamwalira mwezi watha, masana, mwakachetechete, atadzozedwa mafuta a odwala. Amene anadzipereka kuwasambitsa ndi amayi Nelesi. Patapita nthawi anatuluka manja akudontha madzi.

"Bwelani muone, nkhope yaongoka. Amai aba sibanali kuseka."

Tinalowa. Masaya onse awiri anali atagona mofanana, monga tinkawadziwira kale. Inafika nthawi yoti nyimbo iyambe, koma tonse tinangoima, makutu ali kuseri kwa nyumba.