Mwana wanga wa opaleshoni anakwera njinga chifukwa cha buku lanu losainamo

Inu a ofesi ya yunivesite ija pa boma, munafuna ulusi wa opaleshoni wa mwana wanga uduke chifukwa cha siginecha imodzi? Dzina la sukulu ndasunga. Ndine mayi wopemphera, sindichotsetsa anthu ntchito. Koma nkhaniyi ndiinena yonse.

Mwana wanga Takondwa ndi mphunzitsi wa kalembedwe. Amaphunzitsa ophunzira a yunivesite kulemba bwino ntchito zawo za sukulu, koma m'kalasi salowamo. Amakhala pakhonde pathu kuno ku Bua, laputopu pamiyendo, n'kumalankhula ndi anthu a ku Nsanje, ena a ku Chitipa. Tambala akalira amawapepesa m'Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye ndikamamumva ndikupeta mpunga kuseri, ndimangoti zikomo Ambuye.

Kuntchito kwake kuli lamulo lakuti chaka chilichonse mphunzitsi wa pa intaneti achite maphunziro owonjezera luso, maola makumi awiri. Wosachita, kontirakiti yake yathera pomwepo. Lamulo limeneli ine sindidana nalo. Mphunzitsi naye aziphunzira. Takondwa anachita maola onse, ali woyembekezera, mapazi otupa atawaviika m'beseni. Loweruka lathali anachira mwa opaleshoni, mwana wamkazi wa tsitsi lambiri. Lachitatu anatuluka m'chipatala. Pano ali m'chikuta, mchombo wa mwana sunagwe.

Chinatsala ndi fomu imodzi yotsimikiza kuti wamaliza maphunzirowo. Inayenera kufika ku ofesi Lachisanu 12 koloko isanakwane. Anasainira pabedi. Ine ndinati gona mwanawe, ndikapereka ndine.

Lachisanu ndinanyamuka 6 koloko, mpunga ndinausiya osayanika. Chikwangwani cha pakhomo pa ofesi chimati amatsegula 7:30. Anatsegula 8:25. Wotsegulayo anali mtsikana wa zikhadabo zazitali zobiriwira. Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka patapata.

"Sukulu ya kwacha si kuno, mayi."

"Mwadzuka bwanji achemwali? Dzina langa ndinayamba kulemba inu musanabadwe. Ndabweretsa fomu ya mphunzitsi wanu."

Anaigwira ndi zala ziwiri ngati usipa woola. Akuti mwini wake ali kuti. Ndinati ali m'chikuta, anamupanga opaleshoni masiku asanu ndi limodzi apitawa. Akuti mafuno abwino, koma abwere. Anatulutsa chibuku chachikulu chakuda n'kuchimenya patebulo. Akuti mphunzitsi aliyense amasaina m'menemo yekha, iye akuona nkhope yake.

Ndinati nkhope yokha? Imeneyo ndiye si vuto. Ndinamuimbira Takondwa foni yoonana ija. Anatulukira pagalasi, mwana ali pachifuwa, n'kupereka moni mwaulemu. Mtsikana uja sanadzutse n'komwe mutu.

"Munthu wa pa foni sitimuwerengera."

Abale anga, tamvani. Ophunzira ake onse ndi a pa foni. Maphunziro amene munamulamula kuchita anali a pa foni. Amene ankamuphunzitsawo sanamugwirepo chanza. Ndiye chaka chonsechi mwana wanga amaphunzitsa mizukwa?

Ndinapempha kuonana ndi abwana. Akuti ali ku maphunziro. Abwera liti? Lolemba. Nanga fomu yothera lero? Akuti lamulo ndi lamulo, sanalipange ndi iye. Atatero anatenga foni yake n'kuyamba kuseka ndi mnzake pagalasi, nkhani ya nsalu za ukwati. Wa pa foni yakeyo ndiye wowerengedwa.

Kulakwa kwanga n'kwakuti foni sindinadule. Takondwa anamva zonse. Anadula yekha, ndipo nthawi ili 9:40 anandiimbira.

"Amayi, ndaitana wa njinga yamoto. Mwana ndawasiyira azakhali."

"Usayerekeze. Iwe ndi wa bala."

"Nanga ntchito ikatha mwanayu adya chiyani? Ya bambo ake ku nzimbe ndi ya nyengo, mukudziwa."

Anadula. Amene mumaudziwa msewu wochoka kwathu kukafika pa tala mukudziwa chimene ndinaopa. Makilomita anayi a maenje okhaokha. Munthu wabwinobwino amatsika njinga akutsimphina.

Ndinakhala pa masitepe a ofesi n'kuyamba kupemphera. Ndikavutika sindidziwa kupemphera chamumtima. Nditatsegula maso ndinapeza mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wa kofiya yoyera, ataima pambali panga.

"Mayi, mwapemphera mokweza mpaka ine Msilamu ndavomera Ameni," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Abwana sali kutali. Ali pa loji ya kunyanja ija, kabaza mphindi khumi. Wallahi, simunamve kwa ine."

Bambo inu, Mulungu akudalitseni pamodzi ndi zidzukulu zanu.

Ndinafika pa loji 10:15. M'holo munali anthu ngati makumi awiri, aliyense botolo la madzi patsogolo, onse akuyang'ana khoma. Pakhomapo panali nkhope ya mayi wina akuwaphunzitsa ali ku Lilongwe. Mutu wa phunziro? Kuphunzitsa bwino pa intaneti. Onse chete, akulemba. Palibe anati mayi ameneyu sitimuwerengera.

Ndinaima pakhomo osasuntha mpaka abwana anatuluka. Chilungamo chake, ndi munthu waulemu. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka kumapeto. Nditatchula za buku lakuda anagwira mutu.

"Amayi, buku limenelo tinalithetsa miyezi itatu yapitayo. Tinatumiza imelo ku ofesi kuti awauze aphunzitsi onse. Fomu angoijambula pa foni n'kutumiza, basi."

Anamuimbira mtsikana uja ine ndikumva. Akuti imelo ya ofesi sanaitsegule chifukwa intaneti ya pa kompyuta inatha kalekale, ndipo analemba kalata yopempha ina koma sanayankhidwe. Ofesi yoyang'anira maphunziro a pa intaneti, intaneti mulibe. Kalata yopemphera intanetiyo analemba pa pepala, ili m'kabati ya abwana omwewo. Apa abwana anayang'ana nsapato zawo.

Anatenga fomu ija, anaiyala pa mpando, anaijambula ndi foni yawo. Thwa, yapita. Nthawi inali 10:32. Chinthu chimene ndinadzukira m'mamawa chinatha ndisanamalize kumanga chitenje. Anandipatsanso samusa ziwiri. Ndinalandira, sindinama, zinali zokoma.

Koma Takondwa sankayankha foni. Kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi anayankha wa njinga uja. Akuti mayi, achemwaliwa andiimitsa pa tala, akhala pansi pa mtengo, agwira pamimba, akutuluka thukuta. Ndinati musamukwezenso. Pezani galimoto, mupite naye ku chipatala chaching'ono cha kwathuko, ndikupezani komweko.

M'minibasi ndinaimba nyimbo zonse za amayi a Lachinayi kutchalitchi zimene ndimadziwa. Kondakitala anafunsa ngati kuli maliro. Ndinati ayi, ndikuwatsekera njira.

Mulungu ndi wabwino. Ulusi sunaduke. Bala linangotulutsa timagazi pang'ono m'mbali, anamutsuka, anamumanga, anamuuza agone sabata ziwiri osanyamula ngakhale ndowa yopanda madzi. Nditamuuza kuti fomu yalandiridwa anayamba kuseka, kenako analeka chifukwa kuseka kumapweteka. Koma namwino sanaseke. Anandikalipira ine pamaso pa anthu, akuti mayi wamkulu ngati inu, ndani wakweza wodwala wanga pa njinga? Ndinangoti pepani. Ndikanati chiyani?

Tsono inu a yunivesite, ndikuthokoza kuti mwana wanga mumamupatsa ntchito ali pakhomo pa amayi ake. Zimenezo sindidzaiwala. Koma mundiyankhe. Lamulo mukalisintha, mumauza khoma? Aphunzitsi muli ndi manambala awo onse, uthenga umodzi wa pa foni unakukanikani? Mumawatuma kuphunzira maola makumi awiri chaka ndi chaka, nanga wa pa tebulo lolandirira alendo munamuphunzitsapo ola limodzi? Mtsikana ujatu sindikumuda. Mwano ali nawo, koma munamusiya ndi buku lakufa ndi kompyuta yogona.

M'bukumo ndinaonamo dzina la bambo wina amene anachoka ku Dwambazi kudzangosaina. Ndipo mlonda akuti sabata yomweyi anabwezedwa anthu awiri amene anatumidwa ndi aphunzitsi odwala. Ngati ndinu mmodzi wa aphunzitsi amenewo, kapena mukuwadziwa, auzeni asalire. Ajambule fomu atumize. Abwana analonjeza pamaso panga kuti alandira ngakhale tsiku lapitirira, ndipo ndinawauza kuti ndilemba pano kuti asaiwale.

Ine ndinakhululuka kale, Lachisanu lomwelo. Koma Lachiwiri tikupitanso kukaonetsa bala, ndipo namwino uja anati akufunabe kudziwa amene anakweza wodwala wake pa njinga. Ndikamupatse dzina la ndani?