Dzimbiri la Bwana

Izi sindinauzepo munthu, koma lero fungo la penti wa pachitseko landitsegula pakamwa.

Abambo ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wa pa esiteti ya tiyi. Mzunguyo, mkulu wandevu zake, ankangokhalira kumata ndi kupenta tizidole ta sitima zoyenda pansi pa madzi. Tsiku lina nditawapititsira abambo chinangwa, ndinaona kamodzi pakhonde, kali dzimbiri lokhalokha. Ndinati bwana akangoona, abambo ntchito yatha. Ndinakakwecha ndi phulusa mpaka kanawala ngati supuni.

Madzulo abambo anafika kumalaini, kunyumba za antchito kumene tinkakhala, chipewa chili m'manja.

"Amake Sitefano, mangani katundu. Dzimbiri lija bwana amachita kupenta yekha, ati kazioneka kakale."

"Kupenta dzimbiri?" anatero amayi. "Bwanji osangobwera kudzatenga denga lathuli?"

Abambo anangoyang'ana zala zanga zotuwa. Mpaka kumwalira kwawo sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo ine sukulu ndinadzayamba ndevu zitamera.

M'mawa mwa tsiku lotsatira kuchotsedwa ntchito kuja ndinanyamula khasu lathu lakutha, la dzimbiri lenileni, n'kukalisiya pakhomo pa bwana kuti atibwezere ntchito.