Lole Yonyamula Maliro Okhaokha

Iyayi baneba, si misala. Mukaniona nizungulira lole monga kapokola, niwerenga kapepala ka pa galasi pamene banzanga balira, musaganize kuti mutu unasokonezeka. Ivi vinanichitikira ine mwini, si va kumva mu bala, ndipo mwendo uyu wamene nikoka poyenda ndiye mboni yanga.

Inali nthawi ija ya makuponi ya unga, mukumbuka, makampani kutseka, sopo kusowa, munthu aliyense wamene anali na chimotoka chakufa kuchiutsa kuti adyereko. Bamayi banamwalira kuno ku Chawama, ndipo banali banakambiratu kuti mafupa yabo yakagone kwathu ku Katete pafupi na batate. Manje motoka uipeza kuti masiku yaja? Bamalume, bamene ndiwo banali eni maliro, banazungulira tauni yonse, mpaka banabwera na lole ya kakampani ka ku Matero, penti yatsopano yobiriwira, dzina lolembedwa bwino pa chitseko, pansi pake mawu yakuti ise ntchito yathu ni maliro. Tonse mitima inakhala pansi.

Panali bamayi bena, baneba bathu, bogulitsa nsomba zouma pa msika, bamene mwezi na mwezi banali kukwera malole kupita ku Luangwa kukaoda. Bananiitanira kumbali nakuniuza kuti lole iyi baidziwa, kale inali yofiira na dzina lina, inagwetsapo bamalonda banzabo, mwini wake anangosintha penti na dzina, basi. Banati niyangane kapepala ka fitinesi pa galasi, kaja kosonyeza kuti motoka inapimidwa. Ine sukulu sininapite nayo patali koma manambala niwerenga, ndipo nambala ya pa kapepala na ya pa lole vinali vosiyana. Ndiye bananifunsa ngati nidziwa chifukwa chake banthu aba banyamula maliro okhaokha, osati chimanga kapena simenti. Banadziyankha bokha kuti kapokola saimitsa maliro.

Ninapita kwa bamalume. Eee, ukali wake! Banati pa maliro safufuzapo mapepala, kodi nifuna mlongo wabo aonongekere mu nyumba na kutentha kuja, kodi nili nayo ine motoka ina mu thumba? Imwe mudziwa, pa maliro mwana sapambana malume. Bamayi ba nsomba baja banangomanga chitenge nakukwera nabo, bati baperekeze mnzabo.

Pa msewu vinayenda monga mwamene banakambira. Pa rodibuloko iliyonse bakapokola bakaona masamba pa lole, bokosi, na bazimayi baimba nyimbo za tchalitchi, banali kuvula chisote nakutiuza pitani, osayangana na galasi komwe. Koma chamene chinanidetsa nkhawa ni chakuti paliponse taima, ba draiva banali kutiuza ise bamuna tilumphe msanga tiike mwala ku matayala. Motoka yabwino ifuna mwala?

Tinafika pamwamba pa mapiri yaja, msewu ukalibe kuyamba kutsika kupita ku mtsinje wa Luangwa, dzuwa lili pamutu. Bamayi ba nsomba baja banayamba kumenya denga la draiva, bati bazimayi bafuna kupita kuthengo. Tinaima, mwala pansi, bonse banatsika. Pobwerako banakana kukwera. Banati bazimayi na bana bazatsika phiri na mendo, lole ikabayembekeze pansi. Bamalume banakalipa kuti tichedwa, uyu mzimayi si wachibale, alamulira bwanji maliro ya eni? Beve banayankha mofatsa kuti batukwaneni chabe, kutukwana sikupha, ndipo banayambitsa nyimbo nakuyamba kuyenda. Bazimayi bonse banabatsata, na bakazi banga, mwana wathu wakhanda ali kumbuyo.

Thupi silisiyidwa lokha, ndiye ine, bamalume na bamuna bena tinatsala na bokosi.

Kona yoyamba tinapita bwino. Kenaka kanabwera kafungo monga tayala ipsa, ninamva ba draiva baponda buleki, baponda, baponda, kulibe, giya ingolira kweee osalowa, ndipo mitengo inayamba kuthamanga. Uku phiri, uku chigwa chakuti pansi suonapo. Munamumvapo munthu wamkulu wa ndevu aitana amayi bake? Ba draiva banaitana. Bamalume banayamba Atate Wathu koma banali kungobwereza mawu yoyamba yomweyo. Ine ninagona pa bokosi nakuikumbatira, mumtima nikuti mayi, ninali kukuperekezani chabe, sininakambe kuti tipite tonse.

Ba draiva, apo nibatamanda, banakhotetsera lole ku phiri. Chitsulo chinakwecha mwala, moto kuthetheka, lole inapendekeka, chitseko cha m'mbali chinatseguka, ndipo matumba ya unga, mapoto na mabenchi, pamene paja panali pakhala bazimayi na bana, vonse vinauluka kupita mu chigwa. Ninaviona na maso yanga vigubuduka. Bokosi inatsetsereka nakunipana mwendo, ndiye lole inaima. Zii. Patapita kanthawi tinamva bazimayi babwera bathamanga, nyimbo yasanduka kulira, bakazi banga patsogolo. Palibe anafa. Bokosi inangong'ambika pa kona.

Lole ina ya feteleza ndiyo inatinyamula, ndipo bamayi tinabaika kwathu monga mwamene banafunira, ine nili pa mpando na mwendo womanga. Pambuyo pake bakapokola banatiuza kuti kampani ija mu mabuku ya boma mulibe, inshuwalansi kulibe, nambala ija ya pa kapepala inali ya motoka ina yamene inafa kale. Ku Matero banapeza yadi chabe na madiramu. Bamalume mpaka imfa yabo nkhani iyi sibanaikambepo, koma chaka chilichonse bakakolola banali kutumiza nkhuku na nshawa kwa bamayi ba nsomba baja.

Bena bakamba kuti ni mzimu wa bamayi unatiteteza. Kapena, ine sinikana, Mulungu aliko. Koma chamene nikhulupirira ni chakuti banthu bena badyera pa ulemu wathu, badziwa kuti wolira safunsa. Ndiye imwe, kaya ni maliro, kaya ni ukwati, kaya mukuka kupita ku nyumba ina, funsani. Kampani inalembetsa? Nambala ya pa galasi igwirizana na ya pa lole? Inshuwalansi ikalipo? Pitani pa msika mufunse bamene bakwera malole yaja tsiku na tsiku, beve badziwa yamene yanagwapo. Mukaona bafuna mwala, tsikani. Bakakutukwanani lekani batukwane.

Mwana uja anali kumbuyo lero ni uja mumuona agulitsa matomato pa kona, na bana bake babili. Tinali tinamupatsa kale dzina, koma titabwerako ku Katete tinamuonjezera lina, la bamayi ba nsomba baja, ba Esinati.