Pansi pa Dramu la Amayi

Mpaka lero ndikamva fungo la nsapato zatsopano za pulasitiki, losakanikirana ndi la timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala, ndimapezeka ndabwerera m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini ku Al Doha Al Jadeeda, dera la mumzinda wa kudziko la Aluya kumene amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba. Kanali kopanda zenera. Munali bedi limodzi, mkeka wa swala wokoleka pamsomali, ndi dramu la buluu pakona limene amayi ankaikapo ketulo ndi foni yawo. Makina oziziritsa nyumba ankalira tsiku lonse ngati chigayo cha kutali. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinafika kumeneko mtima uli bii.

Amayi anachoka ku Machinga ndili ndi zaka zisanu, n'kundisiya m'manja mwa mayi aang'ono. Poyamba ankaimba foni. Kenako anangoti zii kwa zaka ziwiri, nthawi imene ndinali sitandade 2 ndi 3, osaimba, osatumiza ngakhale sopo. Anzanga kumjigo ankandinena kuti mayi ako anakwatiwa kunjako, ali ndi ana ena. Atayambiranso kuimba, ine ndinkangoyankha eya ndi ayi. Ndiye pamene abwana awo atsopano anandikonzera viza yokacheza mwezi umodzi, ndinakwera ndege ndi mayi wina wa kwathu ndili ndi cholinga changa. Ndinkafuna akaone okha kuti ndinakula popanda iwo, basi ndizibwerera. Koma korona inali ndi maganizo ake. Ndege zinaima, malire anatsekedwa, ndipo ndinatsala ndi munthu amene ndinatsimikiza mumtima kuti anandiiwala.

Nyengo yotentha inatipeza tili m'nyumba. Ndikasuzumira pazenera la pabalaza ndinkaona timashopu ta telala ndi ta mafoni tili titseke, amphaka atagona pansi pa magalimoto, ndi anyamata a njinga zamoto okha akudutsa ndi mabokosi a zakudya. Chitsulo cha pakhonde chinkawotcha dzanja. Amayi ankayesetsa, ndisaname. Ankandipangira tiyi wa karaki wonunkhira bwino, ankandiluka tsitsi, ankandifunsa za anthu a kumudzi mmodzimmodzi. Ine ndinkamwa tiyiyo mpaka kunyambita kapu, koma nkhope osamasula. Pabedi ndinkagona chakumphepete, nditawapatsa msana.

Abwana awo anali Madamu Eleni, mayi wamfupi wa imvi wochokera ku Girisi, wa mawu okhuthala ngati a bambo. Ankaphunzitsa pa yunivesite ina mumzindamo, ndipo nyengo yotentha iliyonse ankapita kwawo kukafukula zitsime zakale. Chaka chimenecho nawonso anatsekeredwa. Anayala zithunzi patebulo lonse lodyera mpaka ife kusowa poika mbale. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi mapale okhaokha, makutu a mitsuko, milomo ya mbiya, tizidutswa takuda ndi tofiira. Ndinaseka chamumtima. Kwathu phale timakazingira mtedza kapena kumwetsera nkhuku, koma apa munthu wa masukulu ake ankaligonera tulo.

Tsiku lina anandigwira ndikuseka, n'kundikokera mpando. Anajambula chitsime papepala nayamba kufotokoza m'Chingerezi chapang'onopang'ono. Chitsime, anatero, sichikhala ndi chikwangwani chonena chaka chimene chinakumbidwa. Koma anthu akamatunga, chingwe chimaduka, mtsuko n'kumira. Mawa wina, chaka chamawa wina, ndipo uliwonse umagona pamwamba pa unzake. Oumba nawo amasintha kaumbidwe, khutu la mtsuko wa agogo silifanana ndi la mtsuko wa mdzukulu. Choncho wofukula akamatsika amabwerera m'mbuyo m'zaka, ndipo mtsuko wa pansi penipeni ndi umene umanena pamene anthu anayamba kumwa pamenepo. Izi ndinazimva msanga, poti nanenso ndinali nditamizapo ndowa ya mayi aang'ono n'kukwapulidwa bwino lomwe. Kuyambira tsikulo ndinkakhala patebulopo, ndikusanja zithunzi za makutu ofanana, makamaka pofuna kuthawa maso a amayi.

Masana ena amayi anavala masiki n'kupita kukagula ndiwo. Ine ndinatsala m'kachipinda ndikusowa chochita, ndipo maso anagwera padramu paja. Ndinachotsa ketulo, ndinakanganula chivindikiro, fungo lija n'kundiwomba kumaso. Pamwamba panali diresi yobiriwira, yatsopano. Nditadziyeza nayo inandikwana ndendende. Pansi pake panali nsapato zocheperako pang'ono kuposa phazi langa. Pamenepo mutu unandiuza kuti ichi ndi chitsime.

Ndinachita monga ankachitira a Madamu. Chilichonse chotuluka ndinkachiyala pansi motsatana, kuyambira kukhomo kulowera kubedi. Masiketi, majuzi, mahijabu, timabuku ta zithunzi, zonse zinkachepa ndikamatsika. Chapakati ndinakumana ndi nsanza zotuwa zopindapinda, ndipo ndinaziponyera kuseri kwa chitseko poganiza kuti ndi zopukutira chabe. Pomaliza ndinalowetsa mutu ndi mapewa m'dramumo, miyendo ili m'mwamba, n'kutulutsa tinsapato tofiira ta pulasitiki totha kukhala pachikhatho changa. Tinali ta mwana wa zaka zisanu. Ndiye kuti anayamba kundigulira atangofika kumene.

Koma mwana wokwiya safuna kugonja msanga. Ndinayenda mumzere uja ndikuyeza nsapato ndi dzanja, ndipo ndinachipeza chimene ndinkafuna. Kuchoka pa tinsapato ta mwana wamng'ono, mzere unkadumphira pa za msungwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Pakati panalibe kanthu. Zaka ziwiri zija zinali pomwepo, mbee. Ndinasangalala chisangalalo choipa, cha munthu amene wawina mlandu. Ndinathamangira kubalaza kukafunsa a Madamu ngati pakati pa chitsime posowa mitsuko pamasonyeza kuti eni ake anachisiya.

"Nthawi zina," anatero osadzutsa mutu. "Koma ofukula akale ankatola mapale okongola okha, oipa n'kutaya, kenako n'kumati zaka zina zikusowa. Yamba wayang'ana zimene wataya."

Ndisanabwerere, chitseko chinatseguka. Amayi anaika majumbo pansi, anasamba m'manja ndi sopo monga tinkachitira masiku amenewo, n'kulowa m'kachipinda. Anaima pakhomo akuyang'ana zinthu zawo zonse zili mbwee. Ndinkadikira mbama, koma sinabwere. Ine ndiye ndinaloza mpata uja ndi chala.

"Apa," ndinatero. "Apa munandiiwala."

Anawerama kuseri kwa chitseko, anatola nsanza zija, n'kukung'untha imodzi. Inali diresi. Inali yosoka pamanja, dzanja lina lalitali kuposa linzake, ndipo pachifuwa panali thumba lalikulu losagwirizana ndi msinkhu wake. Nsaluyo inali ya yunifolomu ya antchito a m'nyumba. Anakung'untha yachiwiri, yokulirapo pang'ono, n'kuziyala zonse ziwiri mumpata muja.

Kenako anakhala pabedi nalankhula motsitsa mawu, maso ali pamadiresiwo. Anati nyumba imene ankagwira zaka zimenezo anawalanda foni, pasipoti anaitsekera m'kabati, ndipo pageti sankadutsa ngakhale pa Idi. Kushopu sakanafika. Ndiye yunifolomu ikatha ankaisunga, n'kumaisoka ndi singano imene anatola. Msinkhu wanga sankaudziwa. M'nyumbamo munali kamtsikana kobadwa chaka chimodzi ndi ine, ndipo akamakasambitsa ankakayeza mobisa ndi zikhatho, kuchoka paphewa kufika pabondo.

"Ndinkati mwina Hawa wanga wafika apa," anatero, akuika dzanja m'mwamba pang'ono kuchoka pabondo lawo. "Nditatuluka m'menemo ndinachita manyazi kutumiza. Zazing'onozi zinali zitakuchepera, izi nazo angavale ndani?"

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, koma ndinatenga diresi yaikuluyo n'kuyamba kuivala. Mutu unalowa, mapewa anakana. Ndinaima pamenepo manja ali m'mwamba, nkhope itaphimbika, sindikutha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Amayi anaphulika kuseka, nanenso ndinaseka m'kati mwa nsaluyo. "Khalasi, basi, ung'amba, iwe!" anatero akuikoka. Itavuka ndinaona kuti nkhope yawo yanyowa, ndipo yanganso inali chimodzimodzi. Tsiku limenelo zinthu tinabwezera m'dramu tili awiri, iwo akutchula kumene anagula chilichonse, ine ndikuwatsutsa pa masayizi amene anaphonya.

Chakumapeto kwa nyengo yotenthayo kunamveka za lamulo latsopano, loti wantchito atha kusintha bwana popanda kupempha chilolezo kwa bwanayo. Foni ya amayi sinapume. Azimayi a kwathu okhala ku dera la Al Mansoura ankaimba wina akadula wina, ndipo amayi ankawauza kuti afunse bwino, asaope, ndipo aliyense amene akudziwa mnzake wongoti zii amufufuze. A Madamu atanena kuti akubwerera kwawo, amayi anadzipezera okha ntchito ya kuchapa ndi kusoka pa hotela ina. Ziletso zitafewa tinayenda pa Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, madzulo ena, mphepo yofunda ya mchere ikutiwomba, ndipo ine ndi amene ndinayamba kuwagwira mkono. Ndege zitayambiranso ndinabwerera ku Machinga ndikulira ngati khanda.

Pa msinkhu umenewo chimene ndinamva chinali chimodzi, chakuti amayi sanandiiwale, ndipo chinandikwanira. Ndinkaona ngati nkhani yonse inali ya ine. Tsopano ndakula, ndimaganiza za mzimayi wachitsikana uja ali yekha kuseri kwa geti, akuyeza mwana wa eni ndi zikhatho. Ife kwathu tinali ndi mafoni, tinali ndi miyendo, koma tinangokhala n'kumamunena. Ndinawauza amayi zimenezi chaka chatha atabwera kutchuthi. Iwo anati ndinali mwana, ndiwapatse lumo amalize kudula nsalu ya diresi yanga.