Amalume anapereka asanapereke

Sabata ino foni yanga ili m'kabati ya amayi, yokiyidwa. Ndikulemba pa kompyuta ya kusukulu, koma mtima uli m'malo.

Achemwali anga a Tadala akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Nigeria, nesi mnzawo ku chipatala cha Beaumont muno mu Dublin. Akuchimuna anati zopereka zonse zidutse pa foni ukwati usanafike, kuti awiriwo alipire dipoziti ya kanyumba komwe anakapeza movutikira ku Citywest. Mwini nyumba anawapatsa mpaka Lachisanu. Zikakanika, banja latsopanolo libwera kwathu ku Clondalkin, ine ndisamukira pa sofa. Mwamva?

Ntchito yolemba mayina a opereka pa gulupu ya pa foni ya mabanja awiriwa inagwera ine. Mbali ya akuchimuna mayina ankangogwa ngati mvula. Mbali yathu, zii.

Amayi anaimbira mchimwene wawo, amalume a Gondwe, omwe saphonya ukwati wa Mmalawi aliyense mu Dublin muno.

"Achimwene, linki yotumizira ndalama ija mwaiona?"

"Mlongo, ndalama yanga siyenda mumdima. Ndidzafupa pa perekaniperekani, anthu akuona."

Timawadziwa. Amasinthitsa fifty euro kukhala ma five, n'kuvina nayo nyimbo zinayi.

Ndiye Lachiwiri ndinalemba pa gulupu: "Amalume a Gondwe, three hundred euro. Mulungu awonjezere." Anali asanatumize ngakhale senti.

Posakhalitsa azakhali anatumiza nthungululu pa voyisi. Amayi ake a mkwati analemba kuti munthu wotere adzakhala kutsogolo, ndipo adzamuveka chipewa chakwawo.

Foni inalira.

"Iwe Yamikani, wakutuma ndani?"

"Chala chinaterereka, amalume. Ndikonze? Ndingolemba kuti simunapereke."

Anapuma kawiri. "Usakhudze."

Ndalamayo inalowa Lachinayi, m'zigawo ziwiri. Lachisanu achemwali analandira makiyi. Amayi anati bodza ndi bodza, n'kundilanda foni, koma akutseka kabati ndinaona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Musandimve molakwa, perekaniperekani ndimamukonda. Akuchimuna nawonso akuti adzawaza ndalama patsikulo mpaka pansi osaoneka. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amayamba athandiza, kuvina pambuyo. Ife timasunga thandizo mpaka atitchule dzina pa maiki.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Sanatiuze kuti ambiri timafuna poikapo pakhale mboni. Chabwino, si tchimo lalikulu. Ine ndinangowabweretsera amalume mboni zawo msanga, ndipo ulemu umene ankaufuna aupeza wonse, ndi chipewa chomwe. Wadandaula ndani?

Kumudzi, amatero amayi, banja latsopano ankalimangira nyumba abale. Kuno anthu makumimakumi amaima pamzere kulimbirana chipinda chimodzi, ndipo amene wachedwa ndi dipoziti wachedwa basi.

Inu amene mwapinda ma five m'thumba kudikira ng'oma ilire, mwini nyumba munamuuza kuti adikire nawo?